Nsomba yaitali ngati bango pagombe la Beira: mmene mungaidziwire

Alamu anga amayendetsa thiraki pakati pa Harare ndi doko la Beira. Amanyamuka m'bandakucha, kudutsa Marondera ndi Rusape, kuima pamzere pa chipata cha m'malire cha Forbes kuseri kwa Mutare, kenako kutsetsereka mpaka kunyanja yamchere, ulendo wa makilomita oposa 500. Lamulungu lina atafika kwathu ku Mufakose, muno mu Harare, asanasambe n'komwe m'manja, anatulutsa foni. "Alamu, inu munakulira kunyanja ku Nkhotakota, tandiuzani, ichi n'chiyani?" Zimene ndinaona ndi madzi akuda, kuwala kwa getsi, ndi kamzere kotuwa kakudutsa ngati bango lokokoloka. Vidiyo yonse masekondi 4 basi.

Foni inazungulira nyumba yonse. Amalume anati ndi mkunga. Mayi a kunyumba anati njoka imeneyo, chotsani. Mnyamata wathu wobadwira konkuno, amene nsomba amadziwa makerele a m'firiji ndi kapenta wa ku Mbare Musika, anangoseka. Aliyense anafunsa kuti inali yaitali bwanji, koma za pakamwa pake palibe anafunsa.

Pamenepo ndi pamene timasocherera. M'mphepete mwa Mozambique muli nsomba zambiri zazitali ndi zowonda zimene sizili pachibale n'komwe, choncho mawu akuti "yaitali, yowonda" sakufikitsani kulikonse. Zimene zimaulula nsomba ndi pakamwa, pamsana ndi kumchira, ndipo muziyang'ana m'ndondomeko yomweyo. Koma musanafike pamenepo pali zina zoyambira.

Choyamba, manja kumbuyo

Musanakhudze, tsimikizani kuti ndi nsombadi. Mayi a kunyumba sanalakwitse kuopa, chifukwa m'nyanja imeneyi muli njoka yeniyeni imene mafunde amaitaya pamchenga, makamaka kukawomba mphepo yamkuntho. Ndi yakuda pamsana, yachikasu kumimba, ndipo mchira wake ndi wophwatalala ngati nkhafi, wamawangamawanga. Akatswiri amaitcha Hydrophis platurus. Ilibe chipsepse ngakhale chimodzi, ilibe zopumira za m'mbali mwa mutu zimene nsomba iliyonse ili nazo, ndipo imatulutsa mutu pamwamba pa madzi kuti ipume. Pamtunda imalephera kukwawa, imangogona ngati yafa, ndipo apa ndi pamene ana amaitola. Ululu wake ndi woopsa, ndipo pamene yaluma nthawi zambiri sipapweteka kwenikweni poyamba. Munthu akalumidwa musatemere, musayamwe, musadikire kuti muone, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo.

Mukaona chipsepse, kaya n'chaching'ono bwanji, kapena kachiboo kopumira kuseri kwa mutu, ndiye kuti ndi nsomba. Komabe gwirani ndi ndodo kapena nsalu. Zambiri mwa nsomba tikambe panozi zili ndi mano, ndipo zimaluma ngakhale zitavuulidwa kale.

Chachiwiri, onani pamene ili isanathawe

Nsomba yamoyo sikudikirani. M'masekondi ochepa amene muli nawo, sungani m'mutu zinthu izi: kodi ili pamwamba penipeni pa madzi, msana ukuchita kukhudza mphepo? Ili pakatikati, yangoima phee? Kapena ili pansi, mutu wokha utasuzumira m'phanga kapena mumchenga? Ili yokha kapena m'gulu? Onaninso kasambiridwe. Mkunga umapindika thupi lonse ngati njoka. Nsomba za milomo yaitali zimayenda zitawongoka ngati muvi, mchira wokha ndiwo ukugwedezeka.

Malo nawonso amanena zambiri. Madzi a ku Beira ndi amatope chifukwa mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira pomwepo, ndipo nyanja ikaphwa imabwerera kutali kwambiri, moti kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita 6 pa nthawi ya mwezi watsopano kapena wathunthu. Nsomba zokonda madzi oyera a m'miyala ya korali, miyala ya m'nyanja yomangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono, muzikazifuna kumwera, ku Vilankulo, kuzilumba za Bazaruto kapena ku Tofo. Mukadziwa kumene mwaima, mwachotsa kale mayina angapo pamndandanda.

Chachitatu, jambulani ngati munthu wofuna yankho

Ngati nsomba yavuulidwa, kaya ili m'khoka kapena pamsika wa ku Praia Nova, pemphani mwini wake kaye, kenako igonekeni chammbali pamalo osalala, mutu kumanzere. Ikani patapata kapena botolo pambali kuti msinkhu udziwike. Jambulani thupi lonse, mchira usaduke pachithunzi. Ndiye yandikirani: mutu pakamwa patatsekeka, mutu pakamwa patatsegulidwa ndi kamtengo, msana zipsepse zitatambasulidwa, ndi mchira. Zithunzi 5 zimenezi zimaposa vidiyo yonjenjemera ya mphindi yathunthu. Musachite kukokera chithunzi pafupi ndi zala pafoni, yandikirani ndi miyendo.

Foni ikathima, jambulani ndi cholembera. Musaderere zimenezi. Pa 22 December 1938, mayi wina woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku East London, m'dziko la South Africa, Marjorie Courtenay-Latimer, anapeza nsomba yachilendo pamulu wa nsomba za asodzi. Anaijambula pamanja, chithunzi chosakongola n'komwe, koma zipsepse ndi mchira anaziika m'malo mwake. Katswiri J.L.B. Smith ataona pepalalo ndi pamene anayamba kuzindikira kuti ndi coelacanth, nsomba imene asayansi ankati inatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Mayiyo sanali mmisiri wojambula, anangodziwa poyang'ana.

Chachinayi, pakamwa

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tikhalapo kanthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati nsagwada zonse ziwiri, yapamwamba ndi yapansi, n'zazitali ngati mlomo wa kakowa, ndipo zadzaza timano tosongoka, imeneyo ndi nsomba imene Apwitikizi amati peixe-agulha, kutanthauza nsomba ya singano. Azungu a Chingerezi amati needlefish kapena garfish. Imakhala pamwamba penipeni pa madzi, yobiriwira kapena yabuluu pamsana, yasiliva kumimba. Ikuluikulu yake, imene dzina lake la sayansi ndi Tylosurus crocodilus chifukwa cha kamwa yonga ya ng'ona, imafika mita imodzi ndi theka.

Za nsomba iyi ndichenjeze ife a kunyanja makamaka. Tinazolowera kuti nyali ndi bwenzi la msodzi: usipa timaukopa ndi nyali usiku, ndipo ku Kariba kapenta amamugwira ndi magetsi. Pa nyanja yamchere nyali yomweyo imatha kukuitanirani mkondo. Nsomba ya singano ikadzidzimuka ndi kuwala imadumpha pamwamba pa madzi mwaliwiro, ndipo asodzi ndi osambira m'maiko osiyanasiyana akhala akulasidwa nayo, ena mpaka kufa. Mukakwera bwato usiku musamawalitse tochi pamadzi mwachisawawa. Ikalasa munthu, nsonga ya mlomo imatha kuthyokera m'thupi, choncho bala lioneke laling'ono bwanji, akalione a chipatala.

Ngati nsagwada yapansi yokha ndiyo yaitali, yapamwamba ndi kakafupi kosongoka ngati kansonga ka mpeni, ndiye mbale wake wamng'ono, meia-agulha pa Chipwitikizi, halfbeak pa Chingerezi. Imaoneka ngati wina anaithyola mlomo wapamwamba, koma ndi mmene inabadwira. Nthawi zambiri kunsonga kwa mlomowo kumakhala kofiira. Imayenda m'magulu, siposa kawirikawiri kutalika kwa mkono, ndipo asodzi amaikonda pa nyambo.

Tsopano pali ina imene imanyenga anthu ambiri. Mphuno yake ndi yaitalinso, koma mukayang'anitsitsa mupeza kuti si nsagwada ayi, ndi chitoliro chotsekeka, ndipo kamwa ndi kakang'ono kunsonga kwenikweni. Simatafuna kapena kuluma, imachita kuyamwa tinsomba ngati mwana akumwa ndi kapaipi. Za chitoliro zilipo zitatu. Yaikulu ndi cornetfish, Fistularia commersonii, yopyapyala ngati chikwapu, yofika mita imodzi ndi theka, ndipo chizindikiro chake sichiphonyeka: pakati pa mchira pamatuluka kaulusi kakatali. Nsomba imeneyi inadutsa ngalande ya Suez n'kuyamba kupezeka m'nyanja ya Mediterranean m'chaka cha 2000, ndipo kumeneko nawo asodzi anayamba kufunsana funso la alamu angali. Yachiwiri ndi trumpetfish, yonenepako pang'ono, yokhala ndi kandevu kamodzi pachibwano. Imakonda kuima chadodolido, mutu pansi mchira m'mwamba, pakati pa korali, ndipo ina imakhala yachikasu thupi lonse. Yachitatu ndi pipefish, kakang'ono ngati pensulo, kouma gwa chifukwa thupi lake lakutidwa ndi timphete ta fupa. Kamabisala m'maudzu a pansi pa nyanja, ndipo mazira amanyamula ndi kakamuna.

Ngati mutu ndi wosongoka koma wopanda mlomo wautali, nsagwada yapansi yatsogola pang'ono, mano ndi akuluakulu osalingana ngati a galu, ganizani za ziwiri. Ina ndi barracuda, imene ku Mozambique ena amati bicuda. Munthu wa ku Nkhotakota akaiona amafuula kuti ncheni, ndipo sindimudzudzula, zimafanana ndithu kaumbidwe, koma palibe ubale. Ina ndi nsomba ya lamba. Kuti muzisiyanitse, pitani pamsana.

Chachisanu, pamsana ndi kumchira

Yendetsani diso kuchokera kumutu mpaka kumchira, muwerenge zipsepse za pamsana.

Zikakhala ziwiri zazifupi zotalikirana, china pakati pa msana china kufupi ndi mchira, mchirawo wamphanda, thupi lobulungira ngati mpini wa khasu, ndi barracuda. Imakonda kungoima pakati pa madzi n'kumakuyang'anani.

Chikakhala chimodzi chachifupi, chokankhidwira kumbuyo kwenikweni, choyang'anizana ndi chinzake cha kumimba, mwabwerera kwa nsomba ya singano ndi abale ake.

Chikakhala chimodzi choyambira kuseri kwa mutu mpaka kumapeto, ndiye funsani funso lina: thupi ndi lophwatalala kapena lobulungira? Lophwatalala ngati lamba wa thalauza, lonyezimira ngati chikwanje chonoledwa kumene, lopanda mamba, ndipo m'malo mwa mchira thupi likungowonda mpaka kutha ngati tsitsi, imeneyo ndi nsomba ya lamba ija, peixe-fita pa Chipwitikizi, Trichiurus lepturus. Mukaigwira, siliva wake amatsalira m'manja. Imakonda madzi amatope, choncho pa nsomba zonse tatchulazi ndi imene mungaione kawirikawiri m'makoka a ku Beira, yaiwisi kapena youmitsa. Zambiri zimakhala za mita imodzi kapena kucheperapo. Samalani ndi mano ake akutsogolo, amang'amba chala ngati lezala.

Thupi likakhala lobulungira, loterera, chipsepse cha pamsana chitazungulira mchira n'kulumikizana ndi cha kumimba, mwafika kwa mkunga wa amalume. Koma mikunga nayo ndi fuko lalikulu. Yang'anani kuseri kwa mutu. Ngati palibe tizipsepse ta m'mbali, ndipo mwaupeza m'phanga ukutsegula ndi kutseka kukamwa, umenewo ndi moray. Kutsegula kukamwako si ukali, ndi mmene umapumira, koma mukapisa dzanja m'phangamo mudzaudziwa ukali wake. Ngati tizipsepse ta m'mbali tilipo, mphuno yaitali ndi mano oopsa, ndipo wagwidwa pa matope, ndi wa gulu limene Apwitikizi amati safio. Ngati tilipo koma mutu ndi wofatsa, milomo yochindikala, ndipo mwaupeza pamathiriro a mtsinje, ungakhale mkunga womwe uja wa m'mitsinje yathu. Mikunga ya mtundu wa Anguilla imaswana m'nyanja yamchere, ana ake n'kukwera mitsinje ngati Zambezi, Pungwe ndi Save, kukulira m'madzi opanda mchere kwa zaka zambiri, kenako n'kubwerera kunyanja kukaswana. Ndiye amalume akanatha kulondola, kungoti mkunga suyenda utawongoka pamwamba pa madzi.

Pali inanso imene anthu amakonda kutumizirana pafoni, oarfish, chilamba chasiliva chokhala ndi chipsepse chofiira ndi nthenga zofiira pamutu ngati lipombo la tambala, chofika mamita 8. Imakhala kozama kwambiri ndipo imaoneka kugombe mwa kamodzikamodzi ikadwala kapena kufa. Musathamangire dzina limeneli. Mukaona "oarfish" ya pafoni, yang'anani bwino kaye ngati si peixe-fita wamba.

Chachisanu ndi chimodzi, khungu ndi msinkhu zibwere pomaliza

Anthu amayambira apa, koma ndi pamene pamanamiza kwambiri. Nsomba ikafa khungu limazilala m'mphindi zochepa, ndipo cornetfish yamoyo imasintha yokha, kutulutsa mizere yakuda ikafika pansi kapena usiku. Msinkhu nawo, madzi amakulitsa zinthu, mantha amakulitsanso, ndipo pofika ku Mutare nsomba ya mkono umodzi imakhala itasanduka ya mamita awiri. Gwiritsani ntchito zimenezi posankha pakati pa abale awiri ofanana, osati poyambira.

Chachisanu ndi chiwiri, funsani eni gombe

Safunsa anadya phula. Ife a ku Harare tili ndi mwayi umene alendo ena alibe: ku Beira amayankhula Chisena ndi Chindau. Wa Chichewa amamvana ndi Msena popanda kuvutika kwambiri, ndipo Chishona chimene tatola m'misewu ya Mbare ndi Highfield chimatsegula khomo kwa Mndau. Perekani moni kaye, mugule kansomba ngati n'kotheka, ndiye mufunse dzina, kumene amaigwira, nyengo yake, ndiponso ngati iwo eni amadya. Funsani anthu awiri kapena atatu payekhapayekha.

Dzinalo lilembeni, koma musalitenge ngati chigamulo. Mayina a nsomba amayenda ndi anthu. Ncheni wa ku Nkhotakota ndi mcheni wa ku Nsanje ndi nsomba ziwiri zosiyana kotheratu: wa kunyanja ndi wa banja limodzi ndi chambo, pamene wa kumunsi kwa Shire ndi tigerfish yomwe ija anthu amakapikisana kuwedza ku Kariba. Ngati kwathu komwe dzina limodzi likunyamula nsomba ziwiri, kuli bwanji kudziko la eni.

Chachisanu ndi chitatu, kutsimikizira mutabwerera

Mukafika pamene pali intaneti yabwino, ikani zithunzi zija pa iNaturalist, tsamba limene anthu amathandizana kudziwa mayina a zamoyo, mutchule tsiku ndi malo enieni. Kompyuta imayamba yapereka maganizo ake, koma musawakhulupirire msanga, dikirani anthu odziwa ayang'ane. Dzina la sayansi mukalipeza, kaliyerekezeni pa FishBase, tsamba la pa intaneti lofotokoza mitundu ya nsomba, muone ngati nsombayo imapezekadi kumadzulo kwa Indian Ocean. Izi n'zofunika chifukwa foni imatha kukupatsani dzina la nsomba ya ku Brazil yofanana nayo. Ikakanika kudziwika, akatswiri a nsomba za m'chigawo chino ali ku South African Institute for Aquatic Biodiversity ku Makhanda, tawuni imene kale inkatchedwa Grahamstown, komwe Smith uja ankagwira ntchito. Ine ndimakhutira ndikadziwa banja la nsomba. Kusiyanitsa mitundu iwiri ya singano nthawi zina kumafuna kuwerenga minga ya m'zipsepse umodziumodzi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya olipidwa.

Nanga ya ndiwo?

Ndikudziwa kuti funso lenileni la ambiri ndi limeneli. Nsomba imene simunaidziwe, ndipo eni gombe sakudya, isalowe mumphika. Yopezeka itafa kale pamchenga isiyeni pomwepo. Peixe-fita ndi ndiwo yabwino, yokazinga kapena youma. Barracuda yaing'ono anthu amadya, koma ikuluikulu ya m'miyala ya korali, pamodzi ndi moray, imatha kusunga poizoni wotchedwa ciguatera amene amachokera ku tizomera tating'ono ta m'nyanja n'kumaunjikana m'nsomba zodya zinzake. Sanunkha, samveka pakamwa, ndipo kuphika, kuwamba kapena kuumitsa sikumuchotsa. Zizindikiro zake ndi kusanza, kutsegula m'mimba, dzanzi m'milomo ndi m'zala, ndi chodabwitsa china chakuti chinthu chozizira chimamveka ngati chikuwotcha. Mukamva zotere mutadya nsomba ya kunyanja yamchere, pitani kuchipatala ndipo mukanene nsomba imene mwadya, chifukwa kuno ku Harare dokotala sangayambe waganiza za korali.

Vidiyo ya alamu anga tinaionera kambirimbiri usiku umenewo. Pakamwa sipankaoneka, koma chinthucho chinali pamwamba pa madzi, chitawongoka, pansi pa getsi, ndipo chakumapeto chinathwanima n'kudumpha. Ndinawauza kuti ndikuganiza singano, koma akabwerere akaone mlomo. Patatha masabata atatu anaimba foni ali ku Beira, mawu ali m'mwamba. Anaipeza pamsika, nsagwada zonse ziwiri zazitali, anagula, anakazinga pambaula pafupi ndi thiraki. "Koma alamu, mwandipha! Minga yake ndi yobiriwira ngati masamba a nkhwani, ndadya kale theka." Ndinawauza kuti amalize. Minga ya nsomba ya singano imakhala yobiriwira chibadwire, chifukwa cha utoto wa m'thupi wotchedwa biliverdin, ndipo sipweteka munthu. Anakhala chete pang'ono, kenako anati mutu ndi msana azikulunga m'pepala, abwera nazo ku Mufakose kuti amalume adzaone okha.